Mkwatibwi Wobiriwira

Emília atazula chingwe chakale kuseri kwa kompyuta n'kulumikiza chatsopano, monitori inaphethira kamodzi, kufiira kumene kunali ponseponse n'kuzimiririka. Pagalasipo panatsala mkwatibwi wa ku Itepela, nkhope ili biriwiri ngati mango osapsa.

Bambo Yasini, mwini situdiyo ya zithunzi pa Mandimba, anasendera pafupi kuti aone bwino. Nkhope imeneyi ndi yomwe ija inatuluka papepala Loweruka, tsiku limene anakalipira mkazi wawo Esha pamaso pa abale a mkwatibwi. Anamuuza kuti kusindikiza zithunzi sakudziwa, manja akewo ndi a khasu basi.

"Makina osindikizira alibe mlandu, bambo," anatero Emília, mmisiri amene anachita kumuitanitsa ku Cuamba. Anawalozera kumutu kwa chingwe chakale chija. "Taonani, kadzino aka n'kopindika. Monitori imakunamizani kuti anthu afiira, inu n'kumawathira kubiriwira. Analowetsa mokakamiza ndani?"

Bambo Yasini anakumbukira bwinobwino. Linali tsiku losuntha tebulo, chingwe chikukana kulowa, iwo n'kuchikankha ndi chala chachikulu mpaka chinagonja. Esha anali pomwepo atagwirizira monitori.

Anatsegula pakamwa, koma Esha anawatsogolera.

"Ndine, achemwali," anatero ali pakona, osadzutsa mutu. "Ndinachikoka posesa."

Emília anangoti, "Zimachitika, mayi," nayamba kukulunga chingwe chija.

Bambo Yasini anayang'ana manja a khasu aja akudula zithunzi ndi sizasi, mzere uli wowongoka bwino, osanjenjemera.