Bambo Wadazi M'chipinda cha Mano

Iness anasinthanso kakhalidwe pabenchi. Fyness, mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atamulemera pamiyendo. Tsaya la mwanayo linatupa ngati wabisa nachesi m'kamwa. Masiku atatu osadya, osaseka.

Anachoka ku Thambani m'mamawa, pa pikapu. Dzinolo limayenera kuonedwa lero. Ulendo wina wobwera ku boma panalibe.

Chitseko cha chipinda cha mano chinali chotseguka pang'ono, mpata wokwana chikhatho. Iness amaona zidutswa zokha: nsalu yobiriwira yofika m'khosi, mutu wadazi wonyezimira pansi pa getsi, ndi kukamwa koyasama. Bamboyo anali chiyasamire kuyambira pamene Iness anafika.

Wogwira ntchitoyo anali wajasi loyera, wamaso ofiira ngati sanagone.

"Amenewo ndi a Langton, akuphunzira za mano," anamuuza mayi wokolopa pakhonde. "Aphunzitsi awo ali ku Blantyre. Amawaonera pakompyuta."

Kachitsulo koboolera kanalira. Kenako kompyuta inalira katatu, nkuyaka zofiira.

"Madamu, ndapitiriranso," anatero Langton.

"Ndaona," anayankha mawu a mzimayi kuchokera m'kompyutamo. "Wafika pa mtsempha. Dzino limenelo walipha. Yamba linalo."

"Dzino lachitatu limeneli."

"Mano alipo ambiri. Pitiriza."

Iness anaimirira. Anakhalanso. Anamanga chitenje, nkuchimasulanso. Kodi bamboyo anabwera ndi dzino limodzi lowawa ngati Fyness? Nanga bwanji osabuula? Mwina amubaya jekeseni yambiri. Mwina wakomoka, anthu ali kalikiliki ndi kompyuta.

Anayang'ana pakhonde ponse. Panalibe womudikira bamboyo. Ngakhale nsapato zake pakhomo panalibe.

Kachitsulo kanaliranso. Zofiira zija zinayakanso. Langton anaseka, kuseka kwenikweni.

"Dzanja likunjenjemera, madamu. Sindinamwe tiyi."

"Ukamaliza ameneyo umwe. Kunja kuli anthu?"

"Kuli kamwana kamodzi."

Basi. Iness anabereka Fyness, nkumanga mfundo yolimba pachifuwa. Kuli bwino mchere ndi madzi otentha kunyumba. Kuli bwino tsayalo liphulike lokha. Mwana wake sakhala pophunzirira munthu wosamwa tiyi.

Anayenda mpaka pa masitepe. Fyness anabuula kumsana, mpweya wake wotentha ngati mbaula. Iness anaima. Kunyumba mchere unalephera kale. Kuno mano akufa atatuatatu. Apite kuti?

Kachitsulo kanalira pa dzino lachisanu. Iness anabwerera mothamanga, nkukankha chitseko ndi phazi.

"Musiyeni munthuyo! Mano angati mukufuna? Chifukwa choti alibe womulankhulira? Ndi inu a m'kompyutamu, manyazi mulibe?"

Langton anazimitsa kachitsulo. Anayang'ana Iness, nkuyang'ana wodwalayo.

"Pepani mayi, takuchedwetsani. Adokotala ali m'njira, mwanayu amuona iwowo. Dikirani ndiwakonzere malo."

Anachotsa nsalu yobiriwira ija. Pansi pake panalibe chifuwa, panalibe miyendo. Anapotokola mutu wapulasitikiwo kawiri, nkuuzula pachitsulo, chingwe cholowa m'kompyuta chikulendewera m'khosi. Anauika m'katoni, ukadali chiyasamire.

Kumsana kwa Iness, Fyness anagwira tsaya, nkuyamba kuseka.