Masamba a pa Ndowa

"Botolo lakuda ili si la kumtsinje, mayi," anatero mlangizi wa zaumoyo. "Ndi la mundowa yanu yomwera."

Make mapasa analiyang'anitsitsa botololo. Dzana bamboyu anatunga madzi m'mabotolo, n'kunena kuti botolo likada ndiye kuti m'madzimo muli tizilombo ta m'chimbudzi cha munthu. Kuchipinda, mmodzi wa mapasawo anali atatsegula m'mimba kasanu chikuchereni, maso atalowa m'kati.

"Sizingatheke! Chimwalirireni mwana wa akulu anga, a mumtsinje sinditunganso. Ndimakafika kumjigo, mtunda wonse uja!"

"La kumjigo ndi ili, loyera mbee. Ndiye chikulowa panjira n'chiyani? Ndowa mumatsuka?"

"Ndi sopo."

"Mumavindikira?"

"Chivindikiro chinasweka. Ndimangoika masamba pamwamba kuti madzi asamakhavuke ndikasenza. Aliyense amatero."

"Masambawo mumathyola kuti?"

Make mapasa anacheukira ndowa ija. Anakumbukira kathengo ka kuseri kwa msika, ka masamba obiriwira ngakhale m'chilimwe, komwe ogulitsa amazembera m'mimba mukavuta. Iye ankathyola a m'munsi, osavuta kufikira, atatseka mphuno ndi nsalu.

Kuchipinda kunamveka supuni ikugunda m'kapu yopanda kanthu.

"Musadandaule, amake mapasa!" mwamuna wake anafuula mokondwa. "Mankhwala a mchere ndi shuga aja mwana wamwa onse, sanasiye ndi dontho lomwe. Ndasungunulira m'madzi mwabwera nawo m'mawawa, abwino aja a kumjigo."