Bawuti wa Pansi pa Bokosibode

Sipanala inaterereka kachisanu ndi chiwiri, ndipo a Goliati anamenyetsa chala pachitsulo. Sanalire. Munthu amene anakhala zaka zisanu pagalaja ku Halale salira pamaso pa anthu a kuchikamwini. Zoti pagalajapo ntchito yawo inali yosesa, ankazidziwa iwo okha ndi tsache.

Anali chagada pansi pa bokosibode yawo, patsinde pa mtengo wa mango. Galimotoyo anaigula kwa mmwenye wina ku Lilongwe itatopa kale, ndipo chiyambire dzinja giyabokosi yake inkalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Matendawo a Goliati anawapeza msanga: oyilo wakale. Akhetse wakudayo, athire watsopano amene anali m'chigubu pambali pawo, basi. Chovuta chinali chimodzi, bawuti wa pansi wotsekera oyilo. Makona ake anali atadyeka, mutu uli see ngati nthudza, kamng'alu kamodzi katadutsa pakati.

"Anamuwononga ndi madalaivala a mmwenye," anatero. "Chithere nkhondo, bawuti ameneyu sanatsegulidwepo."

Tsikulo linali Loweruka, ndipo Lolemba kunali msika wa fodya. A Yesaya, atsibweni a mkazi wawo, anali atanena pagulu kuti, "Chimbaula chanucho chikafikitsa fodya wathu ku Nsaru, Anastazia mumutenge chitengwa." Ananena akuseka, koma mboni zinalipo. Zaka zinayi a Goliati akulima munda wa eni, kuluka nkhokwe za eni, ngakhale kutsokomola ankatsokomola motsitsa mawu. Tsopano pakati pa iwo ndi kwawo ku Kabudula panangotsala kachitsulo kosaposa chala chachikulu.

Anayesa pulayala, inangomunyambita. Anamuthira palafini. Anamuwotcha ndi chikuni mpaka nsidze zawo zinanunkha. Bawuti ali phee.

Munthu akakhala pansi pa galimoto, dziko amaliona mapazi okhaokha. Mapazi a nkhuku. Mapazi a Anastazia, akubwera ndi chikho cha thobwa n'kubwerera nacho. Ndipo patali, pachigafa cha fodya, mapazi a apongozi awo, aNankhoma, zidendene zitaloza kuno. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, sapemphana ngakhale mchere. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira patchire. Zaka zinayi zonsezi nkhope ya apongozi a Goliati ankangoimvera mbiri. Chimene ankadziwa ndithu n'chakuti mayiwo anali ndi mankhwala. Mudzi wonse chiswe chinkagwetsa zigafa chaka ndi chaka, koma mapanda a aNankhoma anali chiimire, akuda bii, onyezimira, chiswe chikulambalala ngati chaona msilikali wa msonkho. Nanga munthu wodziwa kumanga chiswe angalephere kumanga bawuti kuti mwana wake asachoke pakhomo?

Dzuwa litapendeka, apongozi anatsokomola.

"Anastazia, uwauze eni galimotowo ayeseko kakhasu kanga kakutha kaja."

"Akuti muyeseko kakhasu," anatero Anastazia atagwada pafupi ndi tayala, ngati kuti a Goliati analibe makutu.

A Goliati anaseka mpaka fumbi linawalowa m'kamwa. "Uwathokoze kwambiri. Uwauze kuti ku Halale galimoto sitipalira."

Anatenga hamala ndi tchizulo. Anamenya, tchizulo n'kudumpha. Anamenyanso, dzimbiri n'kuwagwera m'maso. Akupukuta misozi, yomwe sinali misozi yolira ayi, anaona mapazi ena atafika, ovala nsapato za matayala. Anali a Yesaya.

"Akamwini, zikuyenda kodi? Kapena fodya uja tiuziretu amayi akonze nkhata?"

Pansi pa galimoto panatuluka dzanja lakuda, chikhatho chili m'mwamba.

"Anastazia," mawu anali otsika zedi, "kakhasu kaja."

Kanali kakhasu kopanda mpini, kodyeka mpaka kutsala ngati tsamba la mbatata. A Goliati anakayang'ana monyoza, n'kukagunditsa pamutu pa bawuti kuti angokwaniritsa ulemu. Mlomo wa khasu unalowa m'kamng'alu kaja gwa, ngati zinabadwira limodzi. Anagwira kumsuka, n'kupotoza. Bawuti anatembenuka mofewa, osadandaula n'komwe.

"Wagonja!" anakuwa. Mawu a ku Halale anali atabwerera onse. "Mwaona, atsibweni? Chitsulo chimafuna mwini wake. Ndinali n'tamufewetsa kale ndi moto. Anastazia, beseni, fulumira! Yamba kumanga mitolo, mayi, Lachiwiri tikagona ku Kabudula. Inu tsekani mphuno, akubwera oyilo wa nthawi ya nkhondo!"

A Yesaya anawerama. Anastazia anakankhira beseni. Nazo nkhuku zinasendera. A Goliati anamasula bawuti ndi zala ziwiri, nkhope atabweza pambali kuopa kusamba, n'kumusolola.

Anadikira.

Dontho limodzi linasuzumira pabowo, n'kuganizaganiza, kenaka linagwera m'beseni: tho! Basi. A Goliati anapisamo chala. Munali gwaa, ngati kukhosi kwa mkamwini pamowa wa eni mudzi.

Pachigafa paja apongozi anatsokomolanso, msana uli kuno.

"Anastazia, uwauze athiremo watsopanoyo, koma asamange zolimba, mkono wangawu wakalamba. Iwe akutenge ndithu. Galimoto yokhayo asiye, kwatsala mapanda anayi osapaka."