Nambala ya Malemu a Fabiano

Miriam atadina batani pakompyuta kuti asembula, yomasulira mizere yake m'chinenero cha makina, imange pulogalamu, mzere uja unatulukanso pasikirini: "Miriam, kwatsala 12."

Lolemba inali 40. Lachitatu 27. Koma wolemba mawuwo, a Fabiano, anali atagona kumanda ku Khonjeni miyezi itatu.

Ndiwo analemba pulogalamu yoyendetsa makina oumitsira tiyi pafakitalepo. Miriam, mtsikana wa ku Mzimba, anabwera kudzatenga malo awo eni ake asanafune kupuma, ndipo mpaka kufa sanamusekerepo. Tsopano iye akamawonjezera mizere yoti makinawo aziumitsa msanga, monga anafunira a manijala, nambala ija inkatsika. Nanga ikadzafika pa ziro? Kunena zoona, ankaopa. Nkhungu ikakuta minda ya tiyi, ngakhale masanasana, ankamva ngati wina waima kumbuyo kwa mpando wake.

Anafufuza mpaka anapeza gwero lake: kamakuro, kalamulo kakang'ono ka mizere isanu, kochotsera nambala ina pa inzake n'kuonetsa yankho pulogalamu ikamamangidwa. Mawu onse ofotokozera m'menemo anali a Chilomwe, chimene Miriam sankamva ngakhale moni. Basi, anatsimikiza: nkhalamba ija inamutchera msampha wa nsanje kuti achite mantha, athawe yekha. Munthu kupita nawo mkwiyo mpaka kumanda!

Miriam anasindikiza kamakuroko papepala kuti akaonetse a manijala, kenako n'kukafufuta. Anamaliza mizere yake, asembula inamanga pulogalamu ili duu, ndipo Lachisanu m'mawa anaiika m'makina. Pansi choumitsira chinayamba kulira, amayi asanu a shifiti ya m'mawa akuthiramo masamba.

A Benard, kapitawo wa pafakitalepo wodziwa Chilomwe, atakwera kudzamuuza kuti makina ayamba bwino, anaona pepala lija patebulo. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

"Achemwali, izitu zikadali momwemo eti?"

"Ndafufuta. Zoopsezera ana zimenezo."

"Apa akuti 'malo otsala'. Apa akuti 'chozimitsa moto ukapyola muyeso'." A Benard anakweza maso. "Akuti nambalayi ikatha, zolemba zatsopano ziyamba kudya mizere ya chozimitsacho. Dzina lanu analiika kuti musaphonye."

Chifufutireni kamakuro kaja, Miriam anali atawonjezera mizere makumi atatu. Fungo la tiyi wopserera linali litayamba kale kukwera masitepe.