Kagalimoto Konjenjemera ka Mayi Priska

Kagalimoto kofiira kaja katalowanso pagalaja, Fernando sanatuluke pansi pa lole imene ankakonza. Anakazindikira ndi kaliridwe kake, ndipo anatsinzina, sipanala ili m'manja. Aka kanali kachitatu pa sabata imodzi.

Dzuwa la Okutobala linali litawotcha Ngabu yense. Malata a shedi ankathetheka, chitsulo chilichonse chinkaotcha zala, ndipo mwini lole ankaifuna madzulo omwewo kuti akakweze ng'ombe.

Kagalimotoko kanali ka mayi Priska, mphunzitsi wa pulayimale. Amene anawasiyira ndi achimwene awo a Antonio posamukira ku Tete mwezi wathawo. Dandaulo lawo silinkasintha: injini ikunjenjemera, chiwongolero chikugwedeza manja, ndipo pachitunda kakulira ngati kakutsamwa.

Fernando anali atakonza magalimoto zaka makumi awiri ndi zisanu, khumi mwa izo ku esiteti ya nzimbe. Madalaivala a m'chigwa chonse ankadziwa kuti iye amapeza vuto la injini pongoimvera ikulira. Tsiku loyamba anaimvera pang'ono n'kuwauza mayiwo kuti timagalimoto ta mtundu umenewu ta masilinda atatu wakonza tambirimbiri, ndipo kunjenjemera ndi chibadwa chake. Tsiku lachiwiri anabwereza zomwezo mokweza mawu. Lero anatuluka pansi pa lole akupukuta thukuta ndi kumbuyo kwa dzanja, asakufunanso kubwereza chilichonse.

Mayi Priska anapepesa chifukwa chomuvutitsa. Anafotokoza kuti amayi awo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo madokotala a ku Blantyre anawapatsa tsiku la mawa kuti akawachite opaleshoni. Tsiku limene anawapatsa poyamba analiphonya. Kagalimotoko kanafookera pa zitunda za kumtunda kwa Thabwa, ndipo anatembenuka, gogoyo akufunsa ngati afika kale. Akaphonyanso, adikira mpaka chaka chamawa.

Fernando anafunsa kuti munali anthu angati. Anali anayi, ndi thumba la mapira la achibale a m'tauni. Anaseka mopanda chimwemwe. Bulu wamng'ono, anatero, sumusenzetsa katundu wa ngolo n'kumadabwa akagwada.

Pofuna kuti nkhani ithe, anaitana Smart, dalaivala wa takisi amene ankadikira tayala lake pamthunzi wa nimu, kuti alize injini ya takisi yake. Anatunga madzi m'kapu n'kuika pa boneti ya takisiyo. Madzi anangoti phee. Injini inkang'ung'udza mosalala ngati njuchi mumng'oma.

Iyi, anafotokoza motero, ndi ya masilinda anayi. Awiri akamakwera, awiri amatsika, ndiye amagwirizana kulemera. Ndi injini yofatsa, yosadzionetsera, moti munthu umaiwala kuti ilipo.

Kenako anaika kapu ija pa kagalimoto kofiira, injini yake ikulira. Madzi anayamba kuvina, kapu n'kumatsetsereka yokha mpaka Smart anaiwakha isanagwe. Fernando anati umu ndi momwe atatu amachitira. Wachitatuyo alibe mnzake womuyankha, ndiye injini imagwedezeka uku ndi uku, mawu ake ndi okhakhala, imadandaula ikaima koma imachangamuka ukaiponda. Iye mwini ankaikonda injini yotere, chifukwa imamwa mafuta pang'ono ndipo siibisa mtima wake. Koma wofuna bata agule ya anayi.

Smart anavomereza ndi mutu, n'kuwonjezera kuti pamsewu wa Bangula timagalimoto totere timayenda tikunjenjemera tsiku ndi tsiku, ndipo palibe kamene kanafa nako.

"Koma nthawi imene a Antonio ankayendetsa, ine ndinkagona tulo m'menemu," anatero mayi Priska.

"Wokwera sagwira chiwongolero, mayi," anayankha Fernando. "Nkhabe, ayi, palibe chofa apa. Tsitsani mapira, kwerani ndi giya yachiwiri, mukafika."

Fernando anabwerera pansi pa lole. Anamanga bawuti imodzi, ina inakana. Sipanala inaterereka n'kumusupula chala. Atasuzumira kunja, anaona mapazi a mayiwo akadali pomwepo. Anali atakhala pa tayala lakutha, kachikwama pamiyendo, injini ikugwedezeka pambali pawo. Sankaonetsa kuti achoka.

Mwini lole anaimba foni kawiri. Kachitatu Fernando anaidula. Anatuluka, fumbi lili m'tsitsi, n'kufunsa mayiwo chimene ankafuna kwenikweni, poti iye sangaumbe silinda ina ndi dothi.

"Ine za injini sindizidziwa, bambo Fernando," anayankha mofatsa. "Ana anga kusukulu ndikawauza kuti zinthu zilipo zitatu, amafuna aziwerenge okha. Ndionetseni atatuwo, ndizipita."

Fernando anazimitsa injini mwaukali n'kukoka boneti. Anamasula chivundikiro chapulasitiki cha pamwamba n'kuchiponya pansi. Anawauza kuti silinda iliyonse ili ndi koyilo yake, kachipangizo kakuda kopereka moto, ndiye awerenge naye limodzi bwinobwino kuti mawa asabwerenso. Smart anayandikira akumwetulira.

"Iyi yoyamba," anatero Fernando akugogoda ndi chala. "Iyi yachiwiri. Iyi yachitatu."

Chala chinaima m'malere. Kumapeto kwa mzerewo kunali koyilo yachinayi, waya wake atadulidwa ndi khoswe. Injiniyo inali ya masilinda anayi, ndipo mwezi wonse inkayendera atatu.

Mayi Priska anawerama n'kuloza. "Nanga iyo, bambo Fernando, ndi ya galimoto ya ndani?"