Chala pa Chithunzi cha Betelehemu

Towera atangoyatsa nyali ya patebulo anachiona: chidindo cha chala chachikulu, chakuda bii, m'munsi mwa chithunzi, pafupi ndi phazi la m'busa wogwada.

Chithunzicho chinali cha m'ma 1650. Mmisiri wina wa ku Italy anazokota kubadwa kwa Yesu pa mkuwa n'kudinda pa pepala: Mariya, Yosefe, ng'ombe, ndi kuwala kotuluka mwa khandalo. Tchalitchi china cha ku Rathmines, dera la mumzinda wa kunja umene Towera ankakhala, chinachibwereketsa ku nyumba yoonetsera zojambula zakale kumene Towera ankaphunzira kusamala mapepala otere. Chionetsero cha chithunzicho chinali choti chichitike Lachisanu.

Amene anachichotsa mufelemu dzulo lake anali Fiskani, Mmalawi mnzake wopachika zithunzi. Ntchitoyo anamupezera ndi Towera yemweyo.

Towera anamuitanira m'chipinda chake chogwirira ntchito.

"Achimwene, magolovesi munavala dzulo?"

"Ndinavala, achemwali."

"Ndiye ichi n'chala cha mngelo?"

"Ine sindikudziwa kuti..."

"Ndinachonderera mabwana kuti akulembeni pano ngati mbale wanga. Mawa azidzati Amalawi manja athu ndi alitsiro. Mwandivula pagulu, bambo inu."

Fiskani anangoyang'ana zikhatho zake. Zimenezo zinathira mafuta pamoto. Towera anakhala pa kompyuta, nalemba lipoti lopita kwa bwana. Ankadziwa kuti mwamunayo anali asanamalize miyezi yoyesedwa pa ntchito. Ankadziwanso za mkazi wake woyembekezera kunyumba kwawo ku Tyrrelstown. Komabe atakumbukira zaka zitatu zimene anavutikira kuti anthu a pano amukhulupirire ndi pepala limodzi, mtima unauma gwa. Analitumiza.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, Fiskani anadutsa pakhomo jekete lili paphewa, makiyi atabweza kale, ntchito itamuthera. Sanayang'ane m'chipindamo. Towera naye sanadzutse mutu.

Masana kunabwera Mayi Aggie, katswiri wamkulu wa mapepala, kudzaona ngati litsirolo lingachoke. Anaika chithunzicho pansi pa makina okuza zinthu, nasuzumira nthawi yaitali. Towera anaima kumbuyo kwawo, akudikira kumva kukula kwa chiwonongekocho.

Mayiwo atadzuka, nkhope inali waliwali ngati ya mwana.

"Tabwera udzaone mwayi wathu," anatero m'Chingerezi. "Inki ya chalachi ndi yomweyo ya chithunzichi, inauma zaka pafupifupi 400 zapitazo. Felemu ndi imene inkachibisa. Ichi n'chala cha mmisiri mwini wake."