Ndolo ya Chitedze Yafiira

Chiyambire pamene ng'ombe zonse zinavekedwa ndolo zomvera ubongo, Nangondo ankati akadzuka, n'kuyamba wayang'ana makutu m'khola. M'mawa wina anapeza ndolo ya Chitedze, ng'ombe yawo yamkaka, itafiira.

"Chiwewe," anatero amuna ake, a Kaliwo, atasuzumira. "Ndi nkhandwe inailuma ija."

"Komatu ikudya bwinobwino."

"Amati matendawa amayambira m'timaselo todyetsa ubongo, ng'ombe isanadziwe kanthu. Ndolo sinama, mayi."

Lamulo linkati mwini ng'ombe asaikhudzenso, ndipo akumbiretu dzenje galimoto ya odzaipha isanafike. A Kaliwo anatenga khasu. Nangondo anakataya mkaka wadzulo m'chimbudzi, natsuka chidebe ndi phulusa, n'kuchivundikira pathandala.

Chitedze inabwera pampanda monga mwa masiku onse, mawere ali tho, ikulira kuti ikamidwe. Nangondo anaima chapatali, manja ali kumbuyo. Anadikira kuti misozi ibwere, koma sinabwere.

"Dzenjeli lakwana?" anafuula a Kaliwo kuseri kwa khola.

Nangondo anaiyeza ng'ombeyo ndi maso, kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Mulikulitse m'mbalimo, bambo," anatero. "Paja ili ndi bere."